Bokosi la miyala ya pa guwa: zomwe zilimo ndi zomwe ogulitsa sanena

Munthu amene wangolowa kumene m'chipembedzo cha Wicca kapena njira zina za chikunja chamakono, akatsegula masitolo a pa intaneti a Etsy kapena Amazon, kapena akayenda mumsewu waukulu wa tauni ya Glastonbury ku England, chimene amayamba kuonetsedwa ndi kabokosi ka zipangizo za pa guwa la m'nyumba. Mabokosiwa amasiyana kunja kokha. M'kati mumakhala zomwezomwezo: timiyala topukutidwa 7 mpaka 12, kalikonse kotalika masentimita 2 kapena 3, kandodo koyera ka selenite, kamtolo ka masamba ouma a white sage, kachidutswa ka mtengo wa palo santo, chigoba cha nkhono ya m'nyanja yotchedwa abalone, timakandulo, kansalu kakuda kojambulidwa nyenyezi ya nsonga zisanu, ndi kakhadi konena ntchito ya mwala uliwonse. Ku Britain mtengo wake kawirikawiri umagwa pakati pa mapaundi 20 ndi 50. Ambiri mwa iwo amalembedwa mawu awiri achingerezi akuti "ethically sourced", kutanthauza kuti miyalayo inakumbidwa popanda kudyera anthu masuku pamutu kapena kuononga malo.

Tinene pachiyambi pomwe: bokosili ndi chikomekome cha mkuyu. Kansalu ndi makandulo zilibe chinyengo. Miyala ina ndi yeniyeni, ina anaisintha dzina, ina ndi galasi. Koma mawu awiri aja ndiwo ofooka kuposa china chilichonse m'bokosimo.

Ogula si ochepa. Kalembera wa 2021 wa England ndi Wales anapeza anthu pafupifupi 74,000 odzitchula kuti ndi achikunja, ndi ena pafupifupi 13,000 a Wicca. Wicca inatulukira poyera m'zaka za m'ma 1950 kudzera mwa Gerald Gardner, dziko la England litangochotsa lamulo lake lakale la ufiti mu 1951. Mawu akuti ufiti kwathu amatanthauza kulodza ndi kupweteka anthu, ndiye asatisokoneze pano. Awa ndi anthu olemekeza chilengedwe, nyengo za chaka, milungu yakale ya ku Ulaya ndi makolo awo, ndipo guwa lawo limakhala katebulo kapena shelefu pakona ya chipinda. Pa guwa la Wicca yoyambirira zinthu zofunika zinali mpeni wa mwambo wotchedwa athame, chikho, ndodo, kambale ka nyenyezi, mchere, madzi, kandulo ndi lubani. Mulu wa miyala yamitundumitundu unabwera pambuyo pake, kuchokera ku gulu la zauzimu la New Age la m'ma 1970 ndi 1980. Izi n'zofunika kuzidziwa chifukwa kakhadi ka m'bokosi kamalankhula ngati popanda miyala 12 guwa silinakwane.

Tiyambe ndi miyala imene sinama. Quartz yoyera, rose quartz, amethyst, tiger's eye, tourmaline yakuda ndi obsidian nthawi zambiri zimakhala zenizeni, chifukwa zikagulidwa pa kilogalamu n'zotchipa kwambiri moti kupanga yonyenga kungakhale kutaya nthawi. Kuyesa quartz n'kosavuta. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala wotchedwa Mohs, quartz imalimba kufika pa 7, pamene galasi la botolo lili pa 5.5. Tengani botolo la kale, kandani ndi nsonga ya mwalawo: quartz yeniyeni isiya mzere wosafufutika ndi chala. Kenako yang'anani m'kati mwake ndi kagalasi kokulitsa zinthu ka 10. Mukaona timathovu tozungulira ta mpweya, mwagwira galasi. Quartz imakhala ndi ming'alu, timitambo ndi tizingwe, osati timathovu tozungulira bwinobwino.

Citrine ndiye bodza lofala. Citrine yachilengedwe ndi yosowa, mtundu wake ndi wachikasu chotuwa ngati madzi a ndimu kapena ngati tiyi wosalowerera, ndipo umafalikira mwala wonse. Ina imachokera ku Zambia chakufupi ndi Mansa, ina ku Congo. Imene ili m'mabokosi ambiri ndi amethyst ya ku Brazil yowotchedwa mu uvuni pa madigiri 400 mpaka 500. Imadziwika msanga: pansi pake ndi poyera ngati choko, nsonga zake n'zofiirira ngati shuga wopserera pa poto. Kuwotcha mwala si mlandu, ochita malonda a miyala akhala akuchita zimenezi kwa nthawi yaitali. Vuto n'kusanena. Wogulitsa amene sakuuzani kuti citrine yake ndi yowotcha, mwina sakudziwa katundu wake, mwina akudziwa koma wasankha kukhala chete, ndipo zonse ziwirizo zikukuuzani mmene mungakhulupirire mawu ake ena onse.

Turquoise ya m'bokosi lotchipa kawirikawiri ndi mwala woyera wa howlite kapena magnesite woviikidwa mu utoto wabuluu. Nyowetsani thonje ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, pakani kumbuyo kwa mwalawo masekondi 20. Thonje likasanduka labuluu, nkhani yatha. Ena amamata ndi mafuta owumitsa kuti utoto usachoke, ndiye thonje likatuluka loyera yesaninso ndi nsonga ya mpeni pamalo obisika: howlite ili pa 3.5, imakandika mosavuta n'kuonetsa m'kati moyera. Opalite, goldstone ndi cherry quartz ndi galasi la ku fakitale, zonse zitatu, ngakhale zili ndi maina okoma. Aura quartz ndi quartz yeniyeni yokutidwa ndi kachitsulo kopyapyala, kamene kamapalika mukaisunga m'thumba limodzi ndi miyala ina. Moldavite yeniyeni imapezeka makamaka kummwera kwa Bohemia ku Czech Republic, ndipo chiyambire pamene inatchuka pa TikTok mu 2021 msika unadzaza ndi zidutswa za galasi lobiriwira. Mukaipeza m'bokosi la mapaundi 30, musavutike n'kuyesa.

Pali njira ina yoyesera imene imafuna sikelo yowerenga mpaka 0.1 ya gilamu, kapu ya madzi ndi ulusi. Yezani mwala wouma, lembani. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, bwezani sikeloyo pa ziro. Mangani mwalawo ndi ulusi, umizeni wonse m'madzi koma usakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu, lembani nambala yachiwiri. Gawani yoyamba ndi yachiwiri. Quartz ipereka pafupifupi 2.65, fluorite 3.2, malachite 3.6 mpaka 4. Malachite yonyenga yopangidwa ndi pulasitiki imagwa pansi kwambiri pa nambala imeneyi, ndipo mizere yake imakhala yakuda bii, yokhuthala mofanana, pamene yeniyeni ya ku Katanga ku Congo imakhala ndi mizere yobiriwira yosiyanasiyana makulidwe. Njirayi singakusiyanitsireni bwino quartz ndi galasi chifukwa nambala zake n'zoyandikana, ndipo selenite musaiyese motere chifukwa madzi amaiononga.

Tsopano mawu aja a pa chivundikiro. Palibe bungwe lodziwika pa dziko lonse limene limayendera migodi ya miyala yotereyi n'kupereka chiphaso. Ndondomeko ya Kimberley, imene inayamba mu 2003, imaona za dayamondi wosasema basi. Fairtrade ndi Fairmined zili ndi ziphaso za golide. Pa quartz, amethyst kapena labradorite palibe. Choncho aliyense angathe kudinda mawu amenewa pa bokosi lake popanda womufunsa.

Ndipo ogulitsa ambiri, ngakhale a mtima wabwino, sangadziwe kumene mwala wawo unachokera, chifukwa cha njira imene mwala umayenda. Wokumba amaugulitsa kwa venda wa m'mudzi. Venda amausonkhanitsa ndi ya anthu ena ambirimbiri mpaka matumba adzaze lole. Wotumiza kunja amadzaza kontena. Kontena ija imakafika ku fakitale ku China kapena ku India, kumene miyala imasankhidwa potengera kukula ndi mtundu, osati mgodi. Kuti isalale imaikidwa m'migolo yozungulira pamodzi ndi mchenga wa silicon carbide, kuyambira wokhakhala kufika wosalala, kwa masabata angapo. Ikatuluka mmenemo rose quartz ya ku Madagascar, ya ku Brazil ndi ya ku Mzimba zaoneka chimodzimodzi, ndipo zili m'thumba limodzi. Kuchokera apo imapita ku misika ikuluikulu ngati wa Donghai ku China, wa Jaipur ku India, kapena chionetsero cha chaka ndi chaka cha ku Tucson ku Arizona, kumene eni masitolo amakapikula. Mwini sitolo akanena kuti "ndimagula kwa munthu amene ndimamukhulupirira", akunena za munthu wachisanu kapena wachisanu ndi chimodzi pa mzere. Timiyala topukutidwa ndi tomwe timataya mbiri kwambiri, ndipo ndi tomwe tadzaza bokosili.

Kumayambiriro kwa mzerewo n'kumene kuli misozi. Mu 2019 nyuzipepala ya Guardian inafalitsa kafukufuku wa migodi ya rose quartz ku Madagascar: maenje opapatiza okumbidwa ndi manja opanda zochirikiza, anthu okwiririka dothi likagumuka, ana onyamula miyala, ndipo malipiro osafika dola imodzi pa kilogalamu. Kilogalamu imodzi imatulutsa timiyala tambirimbiri togulitsidwa mapaundi awiri kapena atatu kalikonse. Lapis lazuli, mwala wabuluu wa timadontho tagolide, yambiri imachokera ku Sar-e-Sang m'chigawo cha Badakhshan ku Afghanistan. Bungwe la Global Witness linasonyeza mu 2016 kuti ndalama za migodi imeneyi zinkapita kwa magulu a zida, kuphatikizapo a Taliban, ndipo kuyambira 2021 dziko lonselo lili m'manja mwawo. Lapis ya m'bokosi, ngati si yopaka utoto, n'zovuta kuiyeretsa dzina. Malachite imachokera ku Katanga, dera lomwelo la migodi ya kopa ndi cobalt kumene nkhani za ana ogwira ntchito m'migodi si zachilendo.

Vuto limene anthu ambiri saliganizira ndi fumbi. Quartz, amethyst, agate ndi carnelian zonse ndi silica. Zikamabooledwa kapena kunoledwa zouma, fumbi lake limalowa m'mapapo n'kuyambitsa silicosis, matenda osachiritsika amene amatsegulanso khomo la chifuwa chachikulu. Onola agate ku Khambhat m'chigawo cha Gujarat ku India akhala akufa nawo kwa zaka zambiri, ndipo okumba amethyst ku Ametista do Sul ku Brazil nawonso awapeza nawo. Njira yopewera ndi yodziwika: kuboola ndi kunola pothira madzi, mpweya wolowa ndi kutuluka, ndi zovala kumphuno zoyenera. Choncho ngakhale mgodi utakhala wabwino, funso lachiwiri n'lakuti mwalawo unasemedwa kuti, ndipo pouma kapena ponyowa.

Safunsa anadya phula. Musanagule, lemberani wogulitsa mafunso anayi: dziko ndi boma limene mwala unachokera, dzina la mgodi kapena gulu la okumba, kumene unapukutidwa, ndi chiwerengero cha anthu amene unadutsa m'manja mwawo. Mayankho ake amagawa ogulitsa msanga. Woyankha kuti "Brazil" kapena "Africa" basi sakudziwa. Woyankha kuti amethyst yake ndi ya ku Mapatizya kummwera kwa Zambia, kapena ya ku Artigas ku Uruguay, kapena kuti quartz yake ndi ya ku Mount Ida ku Arkansas, wapereka chinthu chimene mungafufuze. Woyankha kuti "mitundu itatu iyi ndikudziwa, inayo sindikudziwa" ndiye woyenera ndalama zanu, chifukwa wonena kuti miyala yake yonse 200 ndi yoyera mbiri akulonjeza zosatheka. Zithunzi za okumba akumwetulira sizikutsimikiza kanthu, zimakopedwa pa intaneti. Chimene chimathandiza ndi kakhadi kakale ka osonkhanitsa miyala: mwala wogulitsidwa kwa okonda sayansi ya miyala umayenda ndi kapepala konena malo enieni, chifukwa kwa iwo mwala wopanda malo watsika mtengo. Masitolo awo, ngakhale sanena za mphamvu za miyala, ndi amene amadziwa bwino kochokera katundu kuposa masitolo a zauzimu.

Apa ife a kuno tili ndi mwayi umene wogula wa ku London alibe. Miyala ina imene ikukongoletsa maguwa a ku Ulaya inachoka m'nthaka yathu. Ku Mzimba kuli rose quartz ndi aquamarine. Phiri la Malosa kufupi ndi Zomba limadziwika kwa osonkhanitsa miyala a dziko lonse chifukwa cha aegirine yakuda yosongoka ndi smoky quartz. Ku Ngabu kuli agate yabuluu. Kugula pafupi ndi mgodi kumafupikitsa mzere, koma sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Maenje a okumba ang'onoang'ono nawonso amagumuka, fumbi ndi lomwelo, ndipo ana amapezekamo. Kusiyana kwake n'kwakuti mungathe kufunsa munthu amene anaona dzenjelo ndi maso, n'kulipira mtengo umene wanena osamunenerera mpaka kumufinya. Kumbukiraninso kuti kugula miyala mochuluka ndi kuitumiza kunja kuli ndi malamulo ake a boma, ndiye amene akufuna kunyamulira abale ku Johannesburg kapena ku Leeds ayambe wafunsa ku unduna wa migodi.

Zofukiza za m'bokosi zili ndi mavuto akeake. White sage imamera kuthengo kummwera kwa California ndi kumpoto kwa Baja California kokha, ndipo yambiri imathyoledwa mwakuba. Mu 2018 anthu anayi anamangidwa ndi mapaundi olemera pafupifupi 400 a masambawa ochokera ku malo otetezedwa a North Etiwanda. Kufukiza masamba amenewa ndi mwambo wa eni nthaka a ku America, ndipo ambiri mwa iwo anenapo kuti sakondwa kuona mwambo wawo ukugulitsidwa m'bokosi. Achikunja a ku Ulaya ali ndi zawo: rosemary, lavender, mugwort, ndi juniper amene a ku Scotland ankafukizira nyumba. Rosemary imamera mu chitini pakhonde, imauma masabata awiri ikapachikidwa pamthunzi. Palo santo ya ku Ecuador ndi Peru imanunkhira bwino ikakhala ya mtengo umene unagwa wokha n'kukhala pansi zaka zingapo. Kachidutswa kopepuka, kotuwa, konunkhira kunja kokha, kawirikawiri ndi mtengo wamba wothiridwa mafuta.

Chigoba cha abalone chimaikidwamo ngati chofukizira, koma pa ntchito imeneyo n'cholephera. Chili ndi mabowo m'mbali amene phulusa lamoto limagweramo, ndipo n'chopyapyala moti kutentha kumadutsa n'kukawaula nsalu ndi tebulo. Phale kapena kambale kadothi kothiridwa mchenga wokwana masentimita 3 mpaka 5 kamagwira ntchito bwino kwambiri. Kakala kozungulira kofukizira lubani kamakhala koyaka pafupifupi ola limodzi ngakhale kakuoneka kozima, ndiye kasatayidwe m'bini mpaka katazirala. Kansalu ka m'bokosi nthawi zambiri ndi ka polyester, kamene kamasungunuka kakakhudza moto. Kandulo iliyonse ikhale pa sosala kapena pa thailo, pasakhale shelefu kapena katani pamwamba pake, ndipo isasiyidwe ikuyaka m'chipinda mopanda munthu.

Kakhadi ka malangizo ndi kamene kamaononga miyala yambiri. Kamati tsukani miyala yanu m'madzi a mchere, kenako muiyanike padzuwa. Selenite ya m'bokosi ndi gypsum ya ku Morocco, yofewa pa 2 moti chikhadabo chimaikanda. Madzi amaichotsa kuwala, n'kuigawa tizingwetizingwe tobaya zala. Pyrite imachita dzimbiri, ndipo ikakhala pachinyezi nthawi yaitali imayamba kufumbutuka n'kutulutsa fungo la sulfure. Malachite ili ndi kopa, isaviikidwe m'madzi amene munthu adzamwe, ndipo isapalidwe youma. Mchere umalowa m'ming'alu ya mwala uliwonse, ukauma n'kuikulitsa. Dzuwa limafufutsa amethyst, rose quartz ndi fluorite. Pawindo la dzuwa lamphamvu mtundu umayamba kuchepa m'miyezi yochepa, ndipo subwereranso. Mpira wa quartz kapena wa galasi ndiye woopsa, chifukwa umasonkhanitsa kuwala kwa dzuwa pamalo amodzi mpaka nsalu kuyamba kufuka. Uzikhala wofunditsidwa nthawi zonse pamene sukugwira ntchito. Kwa amene mwambo wake umafuna kuyeretsa miyala, utsi, kuwala kwa mwezi kapena kulira kwa belu siziononga mwala uliwonse, ndipo fumbi wamba limachoka ndi kaburashi kofewa.

Kakhadi komweko kamalembedwa ndi anthu a kumpoto kwa dziko lapansi. Kamati pa guwa choimira nthaka chikhale kumpoto, cha mpweya kummawa, cha moto kummwera, cha madzi kumadzulo. Moto uli kummwera chifukwa ku Ulaya dzuwa limadutsa chakummwera. Ku Cape Town kapena ku Johannesburg limadutsa chakumpoto chaka chonse, n'chifukwa chake achikunja ambiri a ku South Africa ndi Australia amaika moto kumpoto ndi nthaka kummwera, n'kutembenuzanso masiku a zikondwerero: Samhain kumapeto kwa April, Beltane kumapeto kwa October. Mabokosi ambiri sanena zimenezi.

Za machiritso amene kakhadi kamalonjeza, tingonena mwachidule. Mu 2001 katswiri wa za maganizo Christopher French wa ku yunivesite ya Goldsmiths ku London anapatsa anthu 80 miyala, ina ya quartz yeniyeni, ina yonyenga, ndipo magulu onse awiri ananena kuti akumva kutentha ndi kunyerenyesa mofanana. Mwala pa guwa ndi chizindikiro ndi chothandiza kuika maganizo pamodzi. Wodwala apite kuchipatala.

Nanga ndalama zomwezo zingagule chiyani chabwino? Guwa la Wicca limafuna chinthu chimodzi choimira nthaka, ndipo kambale ka mchere kapena mwala wotola kumtsinje wakwanu umakwanira, bola musatole m'malo otetezedwa. Wofuna miyala yonyezimira agule iwiri kapena itatu yosapukutidwa, yokhala ndi kapepala ka malo ake, chifukwa mwala wosasema sunadutse m'fakitale ndipo maonekedwe ake amathandiza wodziwa kutsimikiza kumene unachokera. Miyala ya kaunjika, yochokera m'masitolo a zinthu zakale kapena kwa anthu amene akuchepetsa katundu wawo, siwonjezera dzenje lina latsopano. Chikho chingakhale tambula ya m'kabati, nsalu ikhale ya thonje, chofukizira chikhale chadothi.

Amene analandira kale bokosili ngati mphatso asalitaye, popeza miyalayo inakumbidwa kale. Achotse selenite ndi pyrite pafupi ndi chikho cha madzi, asunthe amethyst kuichotsa pawindo, chigoba cha abalone achisandutse mosungira timiyala m'malo mofukizira, ndipo white sage ikatha asagulenso ina.